Pamene TSH ikukana kutsika ngakhale mukumwa levothyroxine

Anthu amene chithokomiro chawo chinafooka, kapena chinachotsedwa pa opaleshoni, amapatsidwa levothyroxine kuti alowe m'malo mwa homoni ya thyroxine imene thupi lasiya kupanga, ndipo ambiri amamwa mankhwalawa moyo wawo wonse popanda chovuta. Komabe pali ena amene amangobwerera kuchipatala ndi dandaulo lomwelomwelo: kutopa sikukutha, akuzizidwa ngakhale kunja kukutentha, akudzimbidwa, khungu lauma, ndipo zotsatira za magazi zikuonetsa kuti TSH idakali pamwamba. Dokotala amawonjezera mlingo, pakapita miyezi ingapo mtima umayamba kuthamanga ndipo tulo timasowa, mlingo uja umatsitsidwanso, kenaka kutopa kumabwerera. Zinthu zikafika pozungulira chonchi, kawirikawiri cholakwika sichikhala nambala yolembedwa pa piritsi. Chimakhala chakuti mankhwala amene munthu akumeza ndi amene akufikadi m'magazi akusiyana kuchuluka, ndipo kusiyana kumeneku kuyenera kufufuzidwa wina aliyense asanaganize zosintha mlingo.

TSH yeniyeniyo si homoni ya chithokomiro. Imachokera ku kachiwalo kakang'ono kokhala kunsi kwa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo ntchito yake ndi kulamula chithokomiro kuti chipange thyroxine. Thyroxine akachepa m'magazi TSH imakwera, akachuluka imatsika, choncho nambala yokwera ikutanthauza kuti mankhwala akuperewera, osati kuti achuluka monga odwala ena amaganizira akaona pepala la zotsatira. Malabotale ambiri amaika malire abwino pakati pa 0.4 ndi 4.0 kwa munthu wamkulu amene si woyembekezera, ngakhale kuti manambalawa amasiyanako pang'ono malinga ndi makina oyezera.

Kodi magazi anayezedwa nthawi itakwana?

Funso limeneli liyenera kukhala loyamba chifukwa ndi losavuta kuyankha. Levothyroxine amakhalitsa m'thupi, moti pamatenga pafupifupi sabata yathunthu kuti theka la mankhwala amene ali m'magazi lithe. Thupi limakhala ngati mgolo waukulu umene mukuthiramo kapu imodzi ya madzi tsiku lililonse uku kunsi ukudontha pang'onopang'ono: mukasintha kukula kwa kapuyo, madzi sakhazikika pa mlingo watsopano mawa lake. Pamafunika masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku limene mlingo wasinthidwa kuti TSH ionetse chithunzi chenicheni. Magazi oyezedwa patangopita masabata awiri kapena atatu amaonetsa TSH imene idakali paulendo wotsika, ndipo mlingo ukawonjezeredwa potengera nambala imeneyo, pomadzafika mwezi wachitatu munthu amakhala atapitirira muyeso. Zizindikiro nazonso zimachedwa. Khungu louma ndi kuthothoka kwa tsitsi zingatenge miyezi ingapo kuti zisinthe ngakhale magazi atakhala kale bwino.

Masiku odumphidwa

Chifukwa chachikulu chimene chimachititsa kuti TSH ikhalebe yokwera ndi kudumphitsa mapiritsi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepa, poti mankhwala omwa moyo wonse amaiwalika. Tiwerengere limodzi. Munthu amene amamwa mamaikulogalamu 100 patsiku, amene pa paketi amalembedwa kuti 100 mcg, amayenera kulandira 700 pa sabata. Akaiwala tsiku limodzi lokha sabata iliyonse amalandira 600, zimene zikufanana ndi kumwa pafupifupi 86 patsiku. Madokotala amasintha mlingo ndi 12.5 kapena 25 mcg nthawi imodzi, choncho piritsi limodzi loiwalika pa sabata ndi lokwanira kutsitsa mlingo ndi sitepe yathunthu popanda dokotala kudziwa. Dokotalayo akawonjezera mankhwala, ndiyeno wodwala n'kuyamba kumwa mokhulupirika, zotsatira zake zimakhala kuthamanga kwa mtima kuja.

Njira yodziwira zoona si kudalira kukumbukira, koma kuwerenga mapiritsi otsala poyerekeza ndi tsiku limene munawalandira. Masiku amene munakhala opanda mankhwala chifukwa anatha kuchipatala kapena ndalama zogulira zinasowa nawonso awerengedwe ndipo anenedwe. Pali chizindikiro china chimene madokotala amachidziwa bwino: TSH ikakhala yokwera pamene free T4, yomwe ndi muyeso wa thyroxine m'magazi, ili bwinobwino kapena yokwererapo, nthawi zambiri zimasonyeza kuti munthu anadumphitsa masiku ambiri, kenaka n'kuyamba kumwa mwakhama tsiku loyezetsa litayandikira. T4 imakwera msanga, koma TSH imakumbukirabe masabata apitawo.

Mukaiwala m'mawa n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani piritsilo, makamaka patapita maola angapo chidyereni. Mukakumbukira mawa lake, malangizo amasiyana: madokotala ena amalola kumwa awiri pamodzi popeza mankhwalawa amagwira ntchito pang'onopang'ono, pamene ena amati mungopitiriza monga mwa masiku onse. Funsani dokotala wanu pasadakhale kuti lamulo lanu ndi liti, ndipo ngati ndinu wachikulire kapena muli ndi matenda a mtima, musamaphatikize mapiritsi mwa inu nokha.

Zimene zimachitika m'mawa

Apa ndi pamene mavuto ambiri obisika amakhala. Levothyroxine amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, ndipo ngakhale m'mimba mutakhala mopanda kanthu, gawo limene limalowa ndi la pakati pa 60 ndi 80 pa 100 alionse. Chakudya chimatsitsa gawo limeneli. N'chifukwa chake lamulo limati piritsi limwedwe ndi madzi okhaokha, ndipo padutse mphindi 30 mpaka 60 musanadye kadzutsa, ola lathunthu likakhala lotheka ndiye bwino koposa.

Ambiri amamva lamuloli ngati likunena za chakudya chotafuna chokha, motero amameza piritsi ndi tiyi wamkaka n'kumati sanadye kanthu. Mkaka, kaya wamadzi kaya waufa, uli ndi kashiamu amene amagwirana ndi mankhwalawa m'matumbo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Khofi nayenso amachepetsa kalowedwe kake, ngakhale wopanda mkaka. Soya ndi chinthu china chofunika kuchiyang'anitsitsa kwathu kuno, chifukwa sapezeka m'masoya pisi a pa nkhomaliro okha, komanso mu Likuni Phala ndi m'maufa ambiri a phala amene mabanja amasakaniza okha kuchigayo. Phala la mgaiwa, buledi wabulauni ndi zakudya zina zagaga nazonso zimakoka gawo la mankhwala n'kutuluka nalo. Zimenezi sizikutanthauza kuti wodwala chithokomiro asiye soya kapena mgaiwa, zomwe ndi zakudya zabwino. Chofunika ndi kuzitalikitsa ndi piritsi, ndiponso kudziwa kuti kusintha kwakukulu kwa kadyedwe, monga kuyamba kumwa phala la soya tsiku lililonse, kungasunthe TSH pakapita masabata angapo.

Ine ndimaona kuti kusasinthasintha n'kofunika kuposa kutsata ola molondola masiku ena okha. Munthu amene tsiku lililonse amadikira mphindi 30 amalandira gawo lofanana la mankhwala, ndipo dokotala angathe kukonza mlingo wake kuti ugwirizane ndi chizolowezi chimenecho. Amene amadikira ola lathunthu Loweruka ndi Lamlungu, koma pakati pa sabata amameza piritsi ndi tiyi ndi mandasi akuthamangira minibasi, amakhala ngati akumwa milingo iwiri yosiyana, ndipo palibe nambala imodzi imene ingamukwanire.

Kwa amene m'mawa simutheka, monga ogwira ntchito zolawirira kapena alimi olowa m'munda mbandakucha atamwa kale phala, pali njira yomwera pogona. Kafukufuku wina wa ku Netherlands amene anasindikizidwa mu 2010 anapeza kuti odwala omwa levothyroxine pogona anali ndi TSH yotsikirapo poyerekeza ndi nthawi imene anthu omwewo ankamwa m'mawa. Komatu njirayi imafuna kuti padutse maola osachepera atatu chidyereni mgonero. Pabanja limene nsima imapsa cha m'ma 8 koloko usiku ndipo anthu amagona 9 koloko, piritsi la pogona limakapeza m'mimba modzaza, ndipo phindu lake limatha. Mukasamutsa nthawi kuchoka m'mawa kupita usiku, kuonedwe ngati kusintha mlingo, ndipo magazi ayezedwenso pakatha masabata 6 mpaka 8.

Asilamu amene akusala m'mwezi wa Ramadan amakumana ndi vuto lomweli mwa njira ina, popeza nthawi zodyera zimapanikizana usiku. Angathe kumwa piritsi ndi madzi dzuwa litangolowa n'kudikira theka la ola asanadye, kapena pogona ngati papita maola atatu, kapenanso kudzuka msanga kuti amwe chakudya cha mbandakucha chisanafike. Asankhe imodzi yoti aisunge mwezi wonse.

Mankhwala ena amene mukumwa

Pali gulu la mankhwala limene ola limodzi silikwanira kulitalikitsa. Mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, mapiritsi a kashiamu, mavitamini osakaniza amene ali ndi ziwirizi, ndiponso mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate ndi aluminium hydroxide, amamatirira levothyroxine m'matumbo. Amenewa amwedwe patapita maola anayi, ndipo chosavuta n'kuwasamutsira ku nkhomaliro kapena ku mgonero. Odwala ambiri sawatchula kwa dokotala chifukwa anawagula okha kufamase kapena kugolosale ndipo sawawerengera ngati mankhwala enieni.

Omeprazole ndi anzake, amene amaperekedwa kwambiri pa zilonda za m'mimba, amavutitsa mwa njira ina. Amachepetsa asidi wa m'mimba amene amathandiza kusungunula piritsi, ndipo popeza mphamvu yawo imakhala tsiku lonse, kungowasiyanitsa maola sikuthetsa vutolo kwenikweni. Chofunika n'kuyezetsa TSH mukayamba kuwamwa kwa nthawi yaitali, ndiponso mukawasiya.

Gulu lachitatu silikhudza matumbo, koma limachititsa chiwindi kuphwanya thyroxine mofulumira. M'gululi muli rifampicin, amene ali m'mankhwala a chifuwa chachikulu, komanso carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, amene amaperekedwa pa matenda a khunyu. Mu 2018 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain la MHRA linachenjezanso kuti ritonavir, amene amapezeka m'ma ARV ena, angachepetse mphamvu ya levothyroxine. Mapiritsi okhala ndi homoni ya akazi yotchedwa estrogen nawo amawonjezera mlingo umene thupi likufuna. Palibe ndi limodzi lomwe mwa mankhwala amenewa loyenera kusiyidwa chifukwa cha chithokomiro. Mlingo wa levothyroxine ndi umene umakwezedwa. Choiwalika kawirikawiri n'chakuti mankhwala a chifuwa chachikulu akatha pakapita miyezi 6, mlingo wokwezedwa uja umasanduka wochuluka, ndipo uyenera kuunikidwanso. Popeza odwala ambiri amalandira mankhwalawa m'zipinda zosiyana za chipatala, ndi bwino kuonetsetsa kuti onse alembedwa m'buku limodzi la kuchipatala. Amene amamwa warfarin, woletsa magazi kuundana, kapena mankhwala a shuga adziwitsenso owathandiza mlingo wa levothyroxine ukasintha, chifukwa kusinthako kumakhudza kaundanidwe ka magazi ndi kuchuluka kwa shuga.

Amayi oyembekezera

Pano lamulo lodikira limatembenuka, chifukwa kuchedwa kuli ndi mtengo wake. M'miyezi yoyambirira mwana amadalira thyroxine wa mayi kuti ubongo wake ukule, popeza chithokomiro chake chimakhala chisanayambe kugwira ntchito mokwanira, ndipo thupi la mayi limayamba kufuna mankhwala ochulukirapo masabata oyambirira enieniwo. Malangizo a bungwe la American Thyroid Association a mu 2017 amati mayi amene ali kale pa levothyroxine awonjezere mlingo ndi pakati pa 20 ndi 30 pa 100 alionse akangotsimikiza kuti ali ndi pakati, ndipo njira yosavuta yochitira zimenezi ndi kumwa mapiritsi 9 pa sabata m'malo mwa 7. Mayi amene akufuna kutenga pakati akambirane zimenezi ndi dokotala pasadakhale, kuti asadzadikire tsiku loyamba sikelo limene kwa ambiri limafika mimba itakula kale. TSH imayezedwa pafupifupi masabata anayi alionse mpaka pakati pa nthawi ya mimba. Akabereka, nthawi zambiri amabwerera ku mlingo wakale n'kuyezetsa patatha masabata 6, ndipo kuyamwitsa sikuletsa kumwa mankhwalawa.

Msampha wake ndi wakuti kusikelo komweko mayi amapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi, ndipo mwachibadwa amawaika pamodzi ndi levothyroxine kuti azimwera limodzi m'mawa. Onse ndi ofunika, koma asiyane maola anayi.

Piritsi lenilenilo

Levothyroxine amaguga msanga ndi kutentha, chinyontho ndi kuwala. Mapaketi ambiri amalangiza kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25, pamene m'nyumba yamalata ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja m'mwezi wa October kutentha kumapitirira pamenepo kutalitali. Mapiritsi asamakhale pawindo, kukhitchini, kubafa kapena m'galimoto, ndipo amene ali m'mapepala ake osindikiza asamatulutsidwe nthawi yomwa isanakwane. Operekedwa m'kapulasitiki kotseguka aikidwe m'kabotolo kouma kotseka bwino, pamalo ozizirirapo m'nyumbamo. Tsiku lothera mphamvu lionedwenso, makamaka kwa amene amagula a miyezi yambiri nthawi imodzi kapena kutumiziridwa ndi abale a ku Johannesburg.

Onaninso nambala ya pa paketi nthawi iliyonse mukalandira mankhwala atsopano. Mapiritsi a 25, 50 ndi 100 mcg a makampani ena amaoneka ofanana, ndipo munthu amene anazolowera kumwa awiri a 50 angapitirize kumwa awiri atapatsidwa a 100. Mapaketi ena amalemba 0.1 mg, zomwe n'chimodzimodzi ndi 100 mcg.

Kusintha kampani, monga kuchoka pa Eltroxin kupita pa Euthyrox, sikuvutitsa anthu ambiri, koma ena kumawasuntha. Mu 2017 kampani ya Merck itasintha zosakaniza za Levothyrox ku France, anthu masauzande ambiri anadandaula za zizindikiro zatsopano ngakhale kuti homoni ya m'piritsimo inali yomweyo. Kumene mankhwala amabwera malinga ndi amene apezeka, n'kovuta kuumirira mtundu umodzi, koma n'kotheka kulemba dzina la kampani ndi tsiku limene mwasintha, kuti TSH ikadzasuntha padzakhale poyambira.

Tsiku loyezetsa

Ngati free T4 iyezedwa limodzi ndi TSH, ndi bwino kumwa piritsi la tsikulo magazi atatengedwa kale, chifukwa T4 imakwera kwa maola angapo munthu akangomwa. Yesetsani kuyezetsa nthawi yofanana ya tsiku ndiponso ku labotale imodzimodzi. Mavitamini a tsitsi ndi zikhadabo okhala ndi biotin wambiri amasokoneza makina ena oyezera, n'kuonetsa ngati mankhwala achuluka pamene sizili choncho, motero asiyidwe kwa masiku osachepera awiri. Kudwala kwambiri matenda ena, kogonekedwa nako m'chipatala, kumasokonezanso manambalawa kwa masabata angapo. Popeza kuyeza TSH sikupezeka pa chipatala chilichonse ndipo kumafuna ndalama kapena ulendo, n'zomvetsa chisoni kuwononga mwayi umenewu pa tsiku losayenera.

Zonsezi zikakhala bwino koma TSH n'kukhalabe pamwamba

Apa tsopano mlingo weniweniwo ndi umene uyenera kuunikidwa. Munthu wamkulu amene chithokomiro chake sichikugwiranso ntchito amafuna pafupifupi 1.6 mcg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 60 amafuna pafupifupi 100 mcg. Amene chithokomiro chake chikugwirabe pang'ono amafuna wocheperapo, koma pa matenda a Hashimoto, pamene chitetezo cha thupi chimawononga chithokomiro, chithokomirocho chimafookerafookera ndi zaka, choncho mlingo umene unkakwanira kale ungayambe kuperewera popanda wina kulakwitsa kanthu. Kunenepa kwambiri kumachitanso chimodzimodzi. Koma mlingo ukafika cha m'ma 2 mcg pa kilogalamu, kamwedwe kali kolondola, TSH n'kukhalabe yokwera, dokotala amayamba kufufuza m'mimba ndi m'matumbo: kachilombo ka Helicobacter pylori, matenda a coeliac (matumbo osagwirizana ndi tirigu), kutsekula m'mimba kosatha, kapena opaleshoni yakale ya m'mimba. Matenda otere akachiritsidwa, mlingo umafunika kutsitsidwanso.

Mlingo ukapitirira

TSH yotsika kwambiri limodzi ndi kugunda kwa mtima mothamanga, kunjenjemera manja, thukuta, kusowa tulo ndi kuwonda mosadziwika bwino zimasonyeza kuti mankhwala achuluka. Odwala ena amaukonda mkhalidwe umenewu poyamba chifukwa amamva mphamvu ndipo thupi limatsika, koma ukapitirira kwa zaka umabweretsa kugunda kwa mtima kosalongosoka kumene kungayambitse sitiroko, ndiponso umafooketsa mafupa, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba. Levothyroxine si mankhwala ochepetsera thupi, ndipo kubwereka mapiritsi a m'bale pofuna kuwonda n'koopsa. Achikulire ndi odwala mtima amayambira pa mlingo wochepa, monga 25 mcg, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo kuchedwa kumeneku n'kwadala. Kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kukomoka mlingo utangokwezedwa kumafuna kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali magulu awiri amene malire a 0.4 mpaka 4.0 sawakhudza. Amene anachotsedwa chithokomiro chifukwa cha khansa nthawi zina amasungidwa dala pa TSH yotsika, ndipo amene vuto lawo linachokera ku pituitary amayang'aniridwa ndi free T4, popeza TSH yawo singadaliridwe. Anthu amenewa asatsitse mlingo chifukwa choti wina waona nambala yotsika pa pepala popanda kudziwa mbiri yawo.

Otsala ndi aja amene TSH yawo yakhazikika bwinobwino kwa miyezi ingapo koma akutopabe. Kuwonjezera levothyroxine kawirikawiri sikuwathandiza. Kuchepa kwa magazi, kuperewera kwa vitamini B12, shuga, matenda a impso, matenda okhumudwa ndi kusagona mokwanira zimabweretsa kutopa kofanana ndendende ndi kwa chithokomiro, ndipo zina mwa izo zimakonda kuyendera limodzi ndi matenda a Hashimoto. Madokotala ena a mahomoni amayesa kuphatikizapo liothyronine, amene ndi homoni ina ya chithokomiro yotchedwa T3, kwa odwala ochepa osankhidwa bwino, koma mankhwala amenewa amatha msanga m'magazi, amafuna kuyang'aniridwa pafupipafupi, ndipo saperekedwa kwa amayi oyembekezera kapena kwa anthu amene mtima wawo uli kale ndi vuto.